Chibaba cha fodya pakati pa nyanja: kodi foni ingathandize msodzi wa ku Usisya?

Chifuwa cha amalume ndinachimva ndisanawaone. Ndinali nditangotsika boti pagombe la Usisya, chikwama kumsana, nsapato m'manja, pomwe ndinamva munthu akutsokomola kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Kunali kutsokomola kotalika, kochokera pansi penipeni, kosafuna kutha. Ndinangodziwa kuti ndi iwo. Atatulukira akumwetulira, ndudu inali pakati pa zala.

"Asibweni, mwayambanso?" Awa ndiwo mawu oyamba omwe anatuluka pakamwa panga, moni ndisanapereke. Ndinalakwa, ndikudziwa. Kwathu mwana sayamba ndi funso.

"Wayenda bwanji, muphwa?" anatero, ngati sanamve.

Asibweni ndi mmene timatchulira amalume kuno kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, komwe Chitonga ndi Chitumbuka zimadyera mbale imodzi. Awawa ndi alongo awo a mayi anga, ndipo ndi siginala. Kwa inu omwe usipa mumakumana nawo uli kale pamulu kumsika, siginala ndi munthu uja amakhala yekha m'kabwato usiku, nyali zikuyaka, kudikira kuti usipa usonkhane pakuwalapo anzake asanazungulize chilimira. Ndi ntchito ya maso komanso yodikira, nthawi zina maola ambirimbiri. Mu usipa umenewo ndi momwe munachokera fizi yanga ya ku sekondale. Ndili ku yunivesite, ndalama ya m'thumba inkabwera pafoni kuchokera kwa iwo, kawirikawiri m'mamawa akangofika kumtunda. Ndiye chifuwa chawocho chimandikhudza.

Chaka chathachi amalume anadwala TB. Anamwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa, anachira, thupi linabwerera. Tsiku lomaliza wachipatala anawauza mosapita m'mbali kuti fodya asiye. Sanawanamize: kusuta kumachulukitsa pafupifupi kawiri chiopsezo chodwala TB, ndipo wosuta yemwe wachira amakhalabe pangozi yoti matendawa abwerenso. Amalume anasiya milungu iwiri. Mwera utayamba kuomba mu May, panyanja pakuzizira usiku, anapempha mnzawo kuti angokokako kamodzi. Pomwe ine ndimafika mu July n'kuti atabwerera pa ndudu 15 patsiku, osawerengera chingambwe chomwe amapichira m'mapepala a makope akale a ana.

Ine ndimakhala ku Mzuzu, ntchito yanga ndi kulemba nkhani za pa intaneti, ndipo ndili m'gulu la achinyamata aja timakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi app yake. Kuwerenga masitepe, app. Kusunga ndalama, app. Kuphunzira Chifalansa chomwe sudzalankhula ndi munthu aliyense, app. Ndiye ndinati fodyayu atisowetse mtendere chifukwa chiyani? Mawa lake ndinakwera kamtunda komwe netiweki imagwirako bwino, ndinagula bandulo, n'kusankha app ina yaulere yothandiza kusiya fodya, yomwe anthu ambiri anaipatsa nyenyezi zisanu. Ndinaiika mufoni ya msuweni wanga, mwana wawo wachiwiri, popeza ya amalume ndi ya mabatani.

Madzulo titadya kondowole, tinakhala pakhonde atatu. Ine kuwerenga Chingerezi n'kumamasulira, msuweni kudina, amalume kuyankha.

"Akuti mumasuta mapaketi angati patsiku?"

"Paketi? Ndine bwana ine? Ndimagula ziwiri, zitatu, malinga ndi m'thumba. Zina amandipatsa anzanga."

Tinangolemba zongoyerekeza. Funso lotsatira linali la mtengo wa paketi, kuti app izitiwerengera ndalama zomwe tapulumutsa. Panali dola, paundi, yuro ndi ndalama zina zambiri, koma kwacha sindinaipeze. Kenaka inatipatsa mndandanda woti tisankhepo zomwe zimawadzutsira chibaba: khofi wam'mawa, kuyendetsa galimoto, nthawi yopuma ku ofesi, kukangana ndi bwana. Amalume ankangopukusa mutu. Titafika pa malangizo, ndinawerenga loyamba: chibaba chikakugwirani, tulukani mukayendeko pang'ono.

Anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa. Atapeza mpweya anati, "Ndiyende? Pamadzi? Muphwa, uwauze anzakowo kuti woyenda pamadzi anali mmodzi yekha."

Tonse tinaseka, koma iwo anayamba kusiya. Anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kufotokoza zomwe sindinawafunsepo moyo wanga wonse. Anati ukakhala wekha m'bwato, mdima uli bii, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, ndudu imakuchotsa tulo, imakuiwalitsa njala, ndipo imakhala ngati munthu wocheza naye. Anati usiku wina wa chaka chatha, asanapite kuchipatala, analavula m'madzi n'kuona magazi pakuwala kwa nyali, ndipo sanauze munthu kwa mwezi wathunthu. Anati chitsirizira chawo chili Sitandade 7 ndipo akufuna adzachione chikulemba Fomu 4.

"Kufuna ndikufuna," anatero. "Koma kanthu kakoka sikakundidziwa."

Kodi zinthuzi zimagwiradi ntchito?

Usiku umenewo ndinagona ndi manyazi pang'ono. Nditabwerera ku Mzuzu ndinafuna kudziwa ngati ndinangotengeka ndi nyenyezi zisanu zija, kapena ngati foni ingathandizedi munthu kusiya fodya. Yankho lake ndi lakuti imathandiza, ngakhale si mmene otsatsa malonda amanenera.

Mu 2011 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza zotsatira za kafukufuku wotchedwa txt2stop, yemwe anachitika ku Britain motsogozedwa ndi Caroline Free wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Anatenga anthu 5,800 ofuna kusiya kusuta n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linkalandira mauthenga a SMS olimbikitsa ndi olangiza, asanu patsiku kwa milungu isanu yoyambirira, kenaka atatu pamlungu. Gulu linalo linkalandira mauthenga wamba osakhudza zosiya fodya. Patatha miyezi 6 anawayeza kuti aone ngati asiyadi, osangodalira pakamwa pawo. Mwa olandira mauthenga olangiza, 10.7 peresenti anali atasiya, pomwe mwa enawo anali 4.9 peresenti. Kuwirikiza kawiri, ndi SMS chabe, yomwe ngakhale foni ya amalume imalandira. Koma muonenso mbali inayo: mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 anali akusutabe kapena atabwerera. Fodya si mwana.

Chomwe chinandigwira mtima mu txt2stop ndi chakuti munthu chibaba chikamufika pakhosi ankatha kutumiza liwu limodzi lokha, ndipo nthawi yomweyo ankalandira uthenga womuthandiza kupirira. Akaterereka n'kusuta, panalinso liwu lina lotumiza, ndipo yankho silinkakhala lomudzudzula.

Pa ma app enieni, kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri ndi wa mu 2020, wotsogozedwa ndi Jonathan Bricker wa ku Fred Hutchinson mumzinda wa Seattle ku America. Anayerekeza ma app awiri pa anthu oposa 2,400. Ina, QuitGuide, imaphunzitsa munthu kupewa zinthu ndi malo omwe amadzutsa chibaba. Inayo, iCanQuit, imaphunzitsa kuti chibaba chikabwera usalimbane nacho kapena kuchithawa, uchizindikire, uchilole chikhalepo mpaka chidutse chokha. Patatha chaka, 28.2 peresenti ya ogwiritsa iCanQuit ananena kuti atha masiku 30 osasuta, poyerekeza ndi 21.1 peresenti ya a QuitGuide. Nditawerenga izi ndinaganiza za amalume m'kabwato kaja. Munthu wa mu ofesi angathe kuthawa malo osutirako. Siginala athawira kuti?

Mu July 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa koyamba ndondomeko yothandizira akuluakulu kusiya fodya. M'menemo muli uphungu wa achipatala, mankhwala monga varenicline, bupropion, cytisine ndi nikotini wa m'chingamu kapena womata pakhungu, komanso njira za pafoni: SMS, ma app ndi intaneti. Bungweli linati mwa anthu 1.25 biliyoni ogwiritsa ntchito fodya padziko lonse, oposa 60 peresenti amafuna kusiya, koma 70 peresenti alibe kopeza thandizo loyenera. Amalume ali m'magulu onse awiriwo.

Zomwe anachita olankhula Chisipanishi

Pofufuza app yolankhula chilankhulo chathu, ndinkatsegula pamndandanda wa zilankhulo mu app iliyonse. Chichewa, Chitumbuka kapena Chitonga sindinachipeze paliponse. Chomwe chinkabwerabwera, pambuyo pa Chingerezi, ndi Chisipanishi. Poyamba ndinkangodutsa. Kenaka ndinayamba kuwerenga kuti chinafikapo bwanji, ndipo nkhani yake ndinaiona kuti ikufanana ndi yathu kuposa mmene ndinkaganizira.

Ku America kuli anthu oposa 60 miliyoni ochokera kapena obadwa kwa makolo a ku Mexico, Puerto Rico, Cuba ndi maiko ena a kumwera, ndipo ambiri mwa iwo kunyumba amalankhula Chisipanishi. Ochita kafukufuku anaona kuti osuta a m'gululi salangizidwa kawirikawiri ndi madokotala kuti asiye, ndipo sagwiritsa ntchito kwambiri mankhwala othandiza kusiya, poyerekeza ndi azungu a m'dziko lomwelo. Anaonanso kuti kasutidwe kawo n'kosiyana: ambiri amasuta ndudu zochepa patsiku, ena sasuta tsiku lililonse. Ndiye pulogalamu yomangidwa poganizira munthu wa paketi imodzi patsiku inkawaphonya, monga momwe funso la mapaketi lija linawaphonyera amalume.

Boma la America linakhazikitsa nambala yaulere ya uphungu m'Chisipanishi, 1-855-DÉJELO-YA, komanso tsamba ndi mauthenga a SMS a Smokefree m'chilankhulochi. Koma ena anapitirira pongomasulira. Ku San Antonio m'chigawo cha Texas, gulu la Amelie Ramirez wa ku UT Health San Antonio linapanga Quitxt, yotumiza mauthenga pa SMS ndi pa Facebook Messenger m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, yolunjika achinyamata a m'deralo. Gulu la Paula Cupertino ndi Francisco Cartujano-Barrera linapanga Decídetexto, yomwe inkatumiza mauthenga kwa miyezi ingapo, munthu n'kumatha kuyankha ndi kufunsa mafunso, komanso kulandira mankhwala a nikotini kwaulere. Mauthengawo anawakonza pamodzi ndi anthu a m'maderamo, ndipo ankatsamira kwambiri pa banja, poti kwa anthuwa, monganso kwa ife, munthu amamva msanga ukamukumbutsa za ana ake kusiyana ndi kumuuza za mapapo ake.

Apa m'pomwe ndinaona kulakwitsa kwanga. Pakhonde paja ndinkamasulira mawu, ndipo ndinkamasulira bwino ndithu. Koma khofi wam'mawa ukamumasulira m'Chitonga amakhalabe khofi wam'mawa, ndipo amalume samwa khofi.

WHO nayo mu 2020 inakhazikitsa Florence, mlangizi wa pakompyuta wooneka ngati munthu, yemwe ankacheza ndi ofuna kusiya fodya m'zilankhulo monga Chingerezi, Chisipanishi, Chifalansa ndi Chiarabu. Zabwino ndithu. Koma kucheza pakanema kumafuna netiweki yolimba ndi bandulo yonenepa, ndipo aliyense wodziwa Usisya akudziwa mmene ziwirizi zimakhalira.

Kunena zoona, n'zopweteka pang'ono kuti dziko ngati lathu likhale lopanda zoterezi. Malawi ndi limodzi mwa maiko olima kwambiri fodya wa burley padziko lonse. Chaka chilichonse timatchera khutu ku misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ngati tikumvera mpira, chifukwa ndalama zakunja zambiri zimachokera kumeneko. Timakonda kunena kuti fodya timangolima, osuta ndi akunja. Koma kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa amuna a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa anayi alionse ankasuta. Pitani pagombe lililonse m'mamawa maboti akamafika, muwerenge nokha. Mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la WHO lothana ndi fodya, FCTC, ndipo gawo 14 la panganoli limalamula maiko kuthandiza anthu awo omwe akufuna kusiya.

Njira zake si zachilendo. Ku India mu 2016 boma linayambitsa mCessation, pomwe munthu amangoflasha nambala inayake n'kuyamba kulandira mauthenga, ndipo analembetsa anthu oposa 2 miliyoni. Kuflasha! Luso lomwe Amalawi tinabadwa nalo. Kwathu konkuno tili ndi Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, komwe munthu amaimba kwaulere n'kulankhula ndi wachipatala m'chilankhulo chomwe akumva. Msewu ulipo kale. Ine ndikuona kuti anzanga omwe anaphunzira zamakompyuta, aja amangopanga ma app operekera zakudya ku Area 47, akanayang'anako kuno.

Koma amalume sakanadikira zimenezo.

Tinasanduka app tokha

Ndinawaimbira n'kuwauza kuti tiyesenso, koma ulendo uno mafunso afunse ndi iwo. Anati chabwino. Choyamba chinali kusankha tsiku losiyira, chifukwa mapulogalamu onse omwe ndinawerenga amayambira pamenepo. Ine ndinati Lolemba likubwerali. Iwo anati ayi, tidikire mwezi uwale. Mwezi ukakhala wathunthu, nyali za siginala sizikoka usipa, ndipo asodzi amapuma masiku angapo kumtunda, kusoka maukonde ndi kumata mabwato. Ndinali nditawauza kuti masiku ovuta kwambiri ndi atatu oyambirira mpaka mlungu umodzi, pomwe thupi likufunafuna nikotini: mutu, ukali, kusowa tulo, njala yosatha. Iwo anati ngati ndi choncho, masiku amenewo awapeze ali pamchenga, osati pamadzi. Palibe app yomwe ikanaganiza zimenezo.

Chachiwiri chinali kuflasha. Tinagwirizana kuti chibaba chikawagwira, nthawi iliyonse, andiflashe, ine ndiimba. Chibaba champhamvu chimatenga mphindi zochepa chabe, kenaka chimatsika, usute kapena usasute. Nikotini amafika ku ubongo m'masekondi ochepa munthu akangokoka utsi, n'chifukwa chake thupi limazolowera kuti yankho lizibwera msangamsanga. Ntchito yanga inali yongodzaza mphindi zimenezo ndi macheza. Ndinawafotokozera nzeru ya iCanQuit ija m'njira yanga, kuti asachikankhe, angochiyang'ana. Iwo ndi omwe anaikonza bwino. Anati, "Ngati funde. Sulimbana nalo, umangolozetsa mutu wa bwato." Chodabwitsa n'chakuti pakati pa nyanja foni yawo imagwira bwino kuposa kunyumba kuseri kwa phiri.

Msuweni wanga anatenga mbali ya SMS ndi chitini. Madzulo aliwonse amalume asananyamuke ankawalembera uthenga umodzi m'Chitonga, waufupi, wonena tsiku lomwe afika ndi kanthu kamodzi koona. Tsiku loyamba: pakatha maola 12, mpweya woipa wa utsi womwe unali m'magazi umakhala utatsika kufika pabwino. Mlungu wachiwiri: kuyambira pano mpaka miyezi itatu, magazi ayamba kuyenda bwino ndipo mapapo ayamba kugwira ntchito mwamphamvu. Tsiku lina anangolemba dzina la mlongo wake wa Sitandade 7 uja, basi. M'chitini ankaponyamo ndalama ya ndudu 15 m'mawa uliwonse, makwacha enieni ogwirika, osati madola a pasikirini. Akazi awo a amalume, omwe poyamba ankati zonsezi ndi masewera a ana asukulu, anayamba kukazinga mtedza ndi kudula nzimbe zoti apite nazo panyanja, kuti pakamwa ndi m'manja pasakhale pachabe.

Gawo lovuta linali la alovi anzawo. Mwa anyamata ndi abambo a paboti lawo, oposa theka amasuta, ndipo kupatsana ndudu ndi ulemu. Kukana kuli ngati kukana moni. Amalume anachita kuwasonkhanitsa n'kuwauza kuti aliyense wowapatsa fodya adzagule yekha bokosi. Anaseka, koma anamva.

Masiku atatu oyamba anali oipa. Msuweni ankanditumizira ma voice note akunong'ona, kuti adadi akalipira nkhuku, akalipira wailesi, akalipira ngakhale nyanja. Tsiku lachiwiri anandiflasha maulendo 11. Ndinali pamsonkhano wa kuntchito ndipo ndinkangotuluka ngati wotsegula m'mimba. Tinkakamba chilichonse: mtengo wa petulo wa injini, Ilala kuti yadutsa liti, nkhani ya malire a munda wa chinangwa yomwe yakhala ikuzungulira kuyambira ndili mwana. Pakati pa nkhani ankangoti "chapita", n'kudula. Mlungu utatha anadandaula kuti chifuwa chawonjezeka. Zimachitika, mapapo akayamba kudziyeretsa, koma poti ndi munthu yemwe anadwalapo TB sitinafune kulotera. Anapita kukapereka makhololo, ndipo zotsatira zinabwera zabwino. Apa ndinene kwa aliyense yemwe akuthandiza wachibale: chifuwa cha milungu iwiri, magazi, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda si nkhani ya foni, ndi ya kuchipatala. Ndipo mukapita, funsani ngati pali mankhwala othandiza kusiya, chifukwa uphungu ukaphatikizana ndi mankhwala mwayi umakula. Ife ku Usisya sitinawapeze, tinayenda opanda.

Mwezi utayamba kuchedwa kutuluka, anabwerera panyanja. Kuflasha kunasamukira usiku: 11 koloko, 1 koloko, nthawi zina 3 koloko m'bandakucha. Ndinaphunzira kugona foni ili pansi pa pilo. Sindinamizira kuti ndinkasangalala nazo nthawi zonse. Usiku wina ndinaiona ikuwala, ndinati ndiimba pakatha mphindi imodzi, n'kudzidzimuka kutacha. Apa ndi pomwe makina amatiposa: satopa, sagona, sakhala ndi msonkhano wa 8 koloko. Ndinawapepesa. Anati anatafuna nzimbe yonse mpaka nsagwada kuwawa.

Tsiku la 17 kunali mdima wa mwezi, mwera unabwera mwadzidzidzi, injini ya boti lalikulu inazima, ndipo anakhala pamadzi mpaka dzuwa kutuluka, atanyowa, opanda nsomba ngakhale ya ndiwo. Mnyamata wina anayatsa ndudu. Amalume anatambasula dzanja. Sanandiflashe usiku umenewo, kapena mawa lake, kapena mkuja wake. Ine ndinkati zinthu zikuyenda, chibaba chatha. Ndi msuweni yemwe anandiuza kuti m'chitini simunagwe kanthu masiku atatu, ndipo adadi akumapita kuseri kwa mathandala.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinalemba uthenga wautali wokumbutsa za tulo tomwe ndinataya ndi mayunitsi omwe ndinawononga. Mwamwayi netiweki inakana, uthengawo sunapite. Podikira kuti ibwerere ndinakumbukira liwu lachiwiri lija la txt2stop, la munthu yemwe waterereka, ndi chifukwa chomwe analiikirapo. Anthu ambiri omwe anasiyiratu fodya anayesa kangapo asanapambane. Choopsa chachikulu pa kuterereka ndi manyazi omwe amabwera pambuyo pake, aja amakuuza kuti basi zonse zapita m'madzi, ingogula paketi. Ndinafufuta uthenga uja n'kuimba.

"Asibweni, mwaswera bwanji?"

"Wamva kale, eti?"

"Ndamva. Masiku 16 aja sanapite kulikonse, ali m'chitini."

Anakhala chete nthawi yaitali, moti ndinayang'ana pasikirini kuona ngati foni yaduka. Kenaka anati ankachita manyazi kuflasha mwana yemwe anamulera kuti amuuze kuti walephera. Anati kwa makina mwina akanatha kunena, poti makina sakuyang'ana kumaso. Mawu amenewa sanandichoke mpaka lero. Ndinkaganiza kuti ife abale tikuposa app pa chilichonse kupatula tulo, koma pali zina zomwe munthu wamkulu sangauze muphwa wake.

Sanadikire mwezi wina kuti uwale. Anayambanso mawa lake lomwelo, ndipo tinasintha zingapo. Tinagwirizana kuti akaterereka asalankhule, angoflasha kawiri motsatizana, ine sindifunsa kanthu, ndingotumiza uthenga woti mawa tiyambira pomwepo. Msuweni anayamba kuthandiza kuyankha usiku, ine Lolemba mpaka Lachinayi, iye masiku otsalawo. Ndalama ya m'chitini anagulira jekete lochindikala la pa kaunjika, chifukwa pamapeto pake mdani wamkulu anali kuzizira. Mmodzi mwa alovi aja, mnyamata wa zaka ngati zanga, anafunsa msuweni ngati naye angamalandire nawo mauthengawo. Pano amatumiza kwa anthu atatu, ndipo akuti mawu ayamba kumuthera, ndiye amandipempha ndimuthandize kupeka. Chitonga changa cholemba n'chophotchoka, iye amachiwongola.

Pomwe ndikulemba nkhaniyi, amalume ali pa tsiku la 52 chiyambireninso. Kuflasha kawiri kwachitika kamodzi. Kutsokomola kulipobe koma kwafupika, ndipo akazi awo akuti ayamba kudandaula kuti ndiwo zikuchuluka mchere, pomwe mcherewo ndi womwe uja wa kale. App ija ikadali mufoni ya msuweni, ndipo m'mawa uliwonse imamuyamikira m'Chingerezi chifukwa cha madola omwe wapulumutsa.

Usiku wathawu foni inawala 2:40. Ndinaimba. Ndinkamva madzi akumenya m'mbali mwa bwato ndi mawu a anthu chapatali. Anandifunsa ngati ku Mzuzu kukuzizira, ndinati kwambiri. Anandifunsa mtengo wa ndowa ya usipa kumsika, ndinati sindinapiteko mlungu uno. Anati ndine mwana wopanda ntchito. Tinakambako za mayeso a chitsirizira chawo, ndi za denga la kitchini lomwe likufunika udzu mvula isanayambe. Kenaka ndinamva wina akukuwa kuchokera kuboti lalikulu.

"Chapita," anatero amalume. "Dula, usipa wabwera."